MTAMBO WA PA MBENJI UNGATHIMITSE MAGETSI MPAKA KU LIMBE

Nsomba yaiwisi siidikira munthu. Utaka ukangotsika m'boti pa doko la Chikombe ku Salima, wopikula amakhala ndi njira ziwiri basi: auyanike pa thandala, kapena authire ayisi nkuthamangira nawo ku Lilongwe usanayambe kufewa mimba. Inu amene mumachita geni ya nsomba kwa Kawale, ku Mchesi, kwa Chinsapo kapena mu msika waukulu mukudziwa kuti ndalama yamsanga ili pa yaiwisi. Komatu ayisi samera m'munda. Amachokera m'firiji, ndipo firiji imadya magetsi usana ndi usiku. Magetsi akasowa tsiku lathunthu ayisi amasanduka madzi, ndipo mpamba umene munthu wakongola ku banki mkhonde umayamba kununkha.

Tsono kuthima kwa magetsi kulipo kuwiri, ndipo si bwino kukuphatikiza. Kwina ndi kuja kogawana, koti lero Area 25 ilibe kuyambira m'mawa, mawa ndi Ndirande. Kumeneko chifukwa chake nchodziwika: magetsi amene akupangidwa ndi ochepa kuposa amene anthu akufuna, ndiye amagawa ngati nsima ya pamaliro. Kumawawa ndithu, koma munthu umatha kukonzekera. Kwachiwiri ndi kuja kongoti phethi, dziko lonse bii, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Mzuzu popanda wochenjeza. Wometa amasiya mutu wa kasitomala uli theka, wowotcherera amangoima ndi chitsulo m'manja, mwini butchala amayamba kuwerengera nyama ili m'firiji. Kuthima kotereku sikudikira kuti madzi achepe mu Shire ayi. Kumachitika m'masekondi ochepa, makina akasemphana mayendedwe. Ndipo kunja kuno kuli makompyuta amene ntchito yake ndi kuionera patali ngozi yotere isanagwe. Nkhani yathu ndi imeneyo, koma tiyambire kunyanja.

Kwa amene simunafikeko, Mbenji ndi kachilumba ka pa nyanja ya Malawi m'dera la mfumu yaikulu Makanjira m'boma la Salima. Kamatchuka ndi utaka komanso ndi mwambo wake. Kuyambira zaka za m'ma 1950 mafumu a kumeneko amatseka usodzi nyengo ya dzinja, cha mu Disembala, nkudzatsegula cha mu Epulo, kuti nsomba ziswane. Pachilumbapo mowa, chamba ndi juga nzoletsedwa, ndipo amayi saloledwa kupondapo, nchifukwa chake amayi opikula amadikira kumtunda. Ophunzira kwambiri a m'mayunivesite, akonkuno ndi akunja, akhala akubwera kudzafufuza mmene anthu akumudzi asungira nsomba zaka zonsezi pamene m'madera ena a nyanja zachepa.

Koma masiku ano Salima sakutchuka ndi nsomba zokha. Mu Novembala 2021 mtsogoleri wa dziko wa panthawiyo, a Lazarus Chakwera, anatsegula malo opangira magetsi a dzuwa a kampani ya JCM. Mapanelo ake ndi oposa 200,000 ndipo amapereka mamegawati 60 kudzera pa siteshoni ya Nanjoka. Kuti mumvetse kukula kwake, ku Kapichira kuli makina anayi, onse pamodzi mamegawati 129.6. Ndiye kuti dzuwa la ku Salima likamaswa mtengo limagwira ntchito ya makina pafupifupi awiri a ku Kapichira. Linafikanso pa nthawi yake, chifukwa patangodutsa miyezi iwiri, mu Januwale 2022, namondwe Ana anagumula damu la Kapichira ndipo dziko linataya mamegawati onse aja mpaka chaka cha 2023. Amene munali pamsika chaka chimenecho simungaiwale. Pakanapanda sola, masana a 2022 akanakhala owawa koposa.

Vuto ndi mitambo. Aliyense amene wakhalako kunyanja m'dzinja akudziwa mmene kumwamba kumatembenukira. M'mawa kuli ngwee, kenaka chimtambo chakuda chadzuka cha ku Mbenji, posakhalitsa chaphimba dzuwa kumtunda. Msodzi amangoti anyamata tiyeni tibwerere. Koma pa mapanelo mtambo wotere ukhoza kudula mphamvu ndi theka kapena kuposerapo m'mphindi zochepa. Theka la 60 ndi 30, pafupifupi makina amodzi athunthu a ku Kapichira. Ku South Africa, komwe kampani ya Eskom ili ndi makina a mamegawati oposa 40,000, kutaya 30 kuli ngati kugwetsa tambala mu msika, palibe amatembenuka. Kwathu kuno, komwe makina onse oyendera madzi a EGENCO safika mamegawati 400, dziko lonse limamva kugwedezeka.

Mverani kulira kwa chigayo

Ine si injiniya, sukulu ndinalekezera folomu 4, koma chigayo cha dizilo ndimachidziwa ngati inu nomwe. Mukamagayitsa tcherani khutu. Wachigayo akathira chimanga chambiri nthawi imodzi, injini imalira motsika ngati ikufuna kuzima. Chimanga chikatha m'kati, imathamanga nkumalira mokweza. Magetsi a dziko amachitanso chimodzimodzi. M'nthambo simusungidwa magetsi ngati madzi m'thanki. Amene akuyatsa babu lanu panopa apangidwa sekondi yomwe ino ku Nkula, ku Tedzani, ku Kapichira kapena pa mapanelo a ku Salima. Opangidwa ndi ogwiritsidwa ntchito ayenera kufanana nthawi zonse, usiku ndi usana, ngakhale pa Khirisimasi.

Chizindikiro choti zafanana ndi nambala 50. Magetsi athu amapita uku nkubwerera ka 50 pa sekondi iliyonse, chimene mainjiniya amati 50 hertz. Anthu akayatsa zinthu zambiri, kapena mtambo ukaphimba Salima, makina a pa Shire amalemedwa ndipo nambala ija imayamba kutsika, monga muja imachitira injini ya chigayo. Chovuta china nchoti makina onse a m'dziko ayenera kuzungulira mogwirizana ndendende. Taganizirani amayi atatu akusinja mu mtondo umodzi. Zimakoma kuonera pamene aliyense akugwetsa musi pa nthawi yake. Mmodzi angochedwa pang'ono, misi imawombana, mphale nkumwazika.

Pa siteshoni iliyonse pali tizida tomwe amati ma relay. Tingoti alonda. Mlonda wina akaona kuti 50 uja watsika kwambiri amadula yekha madera ena kuti katundu apepuke, popanda dzanja la munthu. Zikakanikabe, alonda oteteza makina amawachotsa pa mzere kuopa kuti angaonongeke, poti makina amodzi otere kuwagula ndi ndalama zoti boma lichite kukongola. Koma makina amodzi akachoka, katundu wake amagwera otsala, iwonso nkulemedwa nkuchoka. Zili ngati anthu osenza denga la nkhokwe: mmodzi akathawa, wachiwiri amabwerera m'mbuyo, wachitatu denga lamugwera. Zonsezi zimatha m'masekondi ochepa, munthu amene ali pa ntchito ku chipinda choyang'anira magetsi a dziko lonse ku Blantyre asananyamule nkomwe foni.

Kuwabwezeretsa ndiye ntchito ya maola. Amayamba kudzutsa makina amodzi, nkupatsa mphamvu mzere umodzi, nkuwonjezera dera limodzi, kuona ngati 50 waima, nkuwonjezeranso lina. Akafulumira zimagwanso. Ndiye mukaona ku Area 47 ayaka kwa Mtandire kudakali mdima, nthawi zina si kukondera ayi, ngakhale sindingakuletseni kukayika.

Pa chigayo paja pali gudumu lolemera limene limapangitsa kuti injini isazime nthawi yomweyo ikalemedwa. Makina a pa Shire nawo ali ndi chitsulo chozungulira cholemera matani ambirimbiri, ndipo kulemera kumeneko ndi kumene kumapereka timasekondi toti madzi owonjezera atsegulidwe. Sola alibe gudumu. Mphamvu yake imalowa m'nthambo kudzera m'bokosi la zamagetsi lotchedwa inverter, limene limangochita zimene linauzidwa ndi amene analitchera. Choncho masana, sola akamanyamula gawo lalikulu la katundu, gudumu la dziko limakhala lapepuka, ndipo kakugwedezeka kakang'ono kamafika patali.

Mankhwala ake ena ndi mabatire akuluakulu. Ku Golomoti m'boma la Dedza, malo a sola a mamegawati 20 amene anayamba ntchito mu 2022 anabwera ndi batire lotha kupereka mamegawati 5 kwa maola awiri. Chakumapeto kwa 2024 anakhazikitsanso ntchito yomanga mabatire a mamegawati 20 ku Kanengo mothandizidwa ndi bungwe la Global Energy Alliance for People and Planet. Batire limayankha sekondi isanathe. Komabe pamafunika wina alitchere: lilowerere 50 akatsika kufika pati? Lipereke zingati? Lisiye liti? Mukalitchera molakwika likhoza kumakokana ndi makina a ku Nkula mmalo mothandizana nawo. Nanga mungayese bwanji? Simungathimitse dala Kapichira Lachitatu masana kuti muone ngati batire ligwire ntchito. Anthu akhoza kukuthamangitsani ndi miyala, ndipo sangalakwe.

Dziko lonse m'kabati

Apa mpamene pamabwera makina amene pa Chingerezi amati real-time simulator. M'chinenero chathu tingoti kompyuta yoyerekezera magetsi pa liwiro lenileni. Woyendetsa ndege asananyamule anthu amaphunzira m'chipinda chomangidwa ngati ndege, momwe amamuzimitsira injini mwadala, kumugwetsera mphenzi, kuti akalakwitsa asafe munthu. Kompyuta imeneyi ndi chipinda chotero, koma cha magetsi. Maonekedwe ake ndi ngati makabati azitsulo aatali ngati firiji ya m'golosale. M'kati mwake mainjiniya amalembamo dziko lonse mwa masamu: makina aliwonse, thiransifoma iliyonse yaikulu, mzere uliwonse ndi kutalika kwake, ngakhale kuchuluka kwa magetsi amene mzinda uliwonse umadya.

Kale ankachita kumanga tizitsanzo tenitweni ta mawaya todzaza chipinda. Njira ya kompyuta inakulira ku Canada. Mu mzinda wa Winnipeg akatswiri a ku Manitoba HVDC Research Centre anapanga makina otere, ndipo mu 1994 kunabadwa kampani ya RTDS Technologies yowagulitsa. Ku Montreal kuli ina, OPAL-RT, imene inayamba mu 1997. Lero makampani akuluakulu a magetsi ku China, ku Korea ndi ku Ulaya amadalira makina otere, ndipo pafupi nafe ku South Africa sukulu za Durban University of Technology ndi Cape Peninsula University of Technology zimaphunzitsira ndi kufufuzira pa iwo.

Wina afunsa kuti kodi kompyuta wamba singachite masamu amenewa? Imachita, ndipo mainjiniya akhala akuigwiritsa ntchito zaka zambiri. Kusiyana kwake ndi nthawi. Kompyuta wamba ikhoza kutenga mphindi zingapo kuti iwerengere mwatsatanetsatane zimene zachitika m'sekondi imodzi. Iyi ndiye ayi: sekondi imodzi m'kati mwake iyenera kufanana ndi sekondi imodzi pa wotchi ya pakhoma. Imatenga sekondi nkuidula tizigawo 20,000, ndipo m'kagawo kalikonse iyenera kumaliza masamu a mizere yonse kagawo kena kasanafike. Pa ulendo umodzi wokha mwa maulendo 50 aja, imakhala yawerengera ka 400. Ikachedwa kamodzi kokha, mayeso aonongeka.

Changu chonsechi nchachiyani? Apa mpamene pali nzeru yake. Poti kompyuta ikuyenda pa liwiro lenileni, mukhoza kutenga mlonda weniweni, relay yomwe mawa ikamangidwe ku Nanjoka kapena ku Phombeya, nkuilumikiza ndi mawaya ku kabati ija. Iyo siidziwa kuti ili m'chipinda choyesera. Imaona ngati ili kale pa ntchito. Kenaka injiniya amayamba kuizunza. Amagwetsa mphenzi pa mzere wa Phombeya kupita ku Nkhoma. Amatseka madzi a ku Nkula ngati muja amachitira namasupuni ndi zinyalala nthawi ya mvula. Amagwetsa nsanja ngati kuti akuba amasula zitsulo zake usiku. Amabweretsa mtambo wa pa Mbenji nthawi ya 12 koloko, kenaka amaubweretsanso nthawi yomweyo makina ena ali pa sevisi. Chilichonse amaona: kodi mlonda wadula msanga, kagawo kamodzi mwa magawo khumi a sekondi kasanathe? Wadula mzere wolakwa kapena wadula wosalakwa? Akhoza kugwetsa dziko ka 500 usiku umodzi popanda nsomba imodzi kuola. Ubongo wa batire ndi wa inverter amauyesanso chimodzimodzi.

Chimene chinandisangalatsa kwambiri powerenga za makinawa ndi mmene amathanirana ndi kukula kwa ntchito. Mizere ya maiko ambiri ikalumikizana, masamu ake amachuluka moti ubongo umodzi wa kompyuta sungawamalize m'kagawo kaja. Ndiye anapeza kathithi. Magetsi amathamanga m'nthambo pafupifupi ngati kuwala, makilomita 300,000 pa sekondi. Ndi liwiro loopsa, komabe m'kagawo kamodzi mwa 20,000 amangoyenda makilomita 15. Mzere wa Phombeya ku Balaka kukafika ku Nkhoma, umene unamangidwa ndi thandizo la America la Millennium Challenge Corporation pakati pa 2013 ndi 2018, ndi wa makilomita 173. Chimene chachitika ku Phombeya chimatenga tizigawo toposa 11 kuti chimveke ku Nkhoma. Choncho ubongo umodzi ukhoza kumawerengera za mbali ya Balaka, wina za mbali ya Lilongwe, nkumangotumizirana mayankho. Zili ngati inu muli ndi shopu ku Limbe, mng'ono wanu ali ndi ina ku Lilongwe. Aliyense amawerengera katundu wake payekha, poti lole imene yanyamuka lero siingasokoneze mabuku a mnzake isanafike. Madera akutali kwambiri amawawerengera mwachidule. Tomato wa pa benchi lanu mumawerenga mmodzimmodzi, wa mnzanu wa tsidya lina mumangoti madengu atatu.

Azakhali anga amapikula utaka kunyanja nkumagulitsa m'tauni. Chaka china anataya mabeseni awiri athunthu chifukwa tsiku limenelo ayisi sanapezeke, magetsi atathima mwadzidzidzi kuyambira usiku. Anayesa kuyanika koma kunali mitambo. Anagulitsa motchipa kwa oweta nkhumba, ndipo fizi ya mwana inachedwa teremu yathunthu. Sindikuloza chala munthu. Ndikungonena kuti masekondi awiri amene mainjiniya amakangana m'chipinda chozizira amathera pa beseni la munthu.

Tikachoka pa chilumba

Kwa zaka zambiri Malawi pa nkhani ya magetsi wakhala chilumba ngati Mbenji yemwe. Maiko a kummwera kwa Africa anakhazikitsa msika wogulitsana magetsi wa Southern African Power Pool mu 1995, likulu lake ku Harare. Ife tinalembetsa nawo, koma zaka zinadutsa tilibe mzere waukulu wotilumikiza, ngati munthu wolipira tikiti ya msika koma alibe benchi. Yankho lake ndi mzere wa makilomita 218 wochokera ku Matambo m'chigawo cha Tete ku Mozambique kufika ku Phombeya, umene mwala wake ku Matambo anauika a Chakwera ndi a Filipe Nyusi mu 2021. Mgwirizano woyamba unali wogula mamegawati 50. Ku Tete komweko nkumene kuli damu la Cahora Bassa la mamegawati 2,075, kuposa kasanu makina onse a pa Shire.

Ambiri amangoona ma 50 obwerawo. Phindu lina lobisika ndi gudumu. Dziko laling'ono likamangiriridwa ku mizere ya maiko ambiri, limatsamira pa kulemera kwa makina a anzake onse. Mtambo ukaphimba Salima, mphamvu yosowayo imalowa yokha kudzera pa mzere nthawi yomweyo, 50 uja osagwedezeka kwenikweni.

Komatu walira mvula walira matope. Pa 24 Novembala 2024 madzulo, Zambia ndi Zimbabwe anathima limodzi, maiko awiri athunthu, chifukwa cha chisokonezo pa mizere imene imawalumikiza. Ukamangirira bwato lako ku sitima, mafunde ang'onoang'ono sakuvutanso, koma sitimayo ikapendekeka iwenso wapita. Palinso matenda ena a mizere italiitali: makina a dziko lina ndi a dziko lina amayamba kukokana pang'onopang'ono, uyu kutsogola uyu kutsalira, ngati maboti awiri omangidwa ndi chingwe chachitali nthawi ya mwera. Kukokanako kukamakula mmalo mochepa, chingwe chimaduka.

Ndiye taonani masamu awa. Makina amodzi a ku Kapichira ndi mamegawati 32.4. Mzere wa ku Mozambique ukamabweretsa 50, tsiku limene mphenzi yaudula dziko lataya zoposa makina amodzi a ku Kapichira pa kuphethira kumodzi, ndipo nthawi yomweyo latayanso gudumu la anzathu limene limatsamira. Kodi Malawi angaime payekha m'sekondi imeneyo? Ndi madera ati amene alonda ayambe kudula, ndipo adule mamegawati angati? Nanga vuto likayambira kwa anzathu, mlonda wa ku Phombeya adule liti kuti moto wa kwa neba usalowe m'nyumba mwathu, komanso asamadule mwamantha pa kanthu kakang'ono? Mafunso amenewa sayankhidwa ndi nduna pa msonkhano. Amayankhidwa pa kompyuta ija, relay yeniyeni ili pa mawaya. Ndipo achuluka mtsogolomu, poti pali pulani ya damu la Mpatamanga pa Shire la mamegawati oposa 350, lalikulu kuposa malo aliwonse amene tili nawo.

Sikelo yonama

Musaganize kuti kungogula kabati ndiye kuti zatha. Kompyuta imayankha molingana ndi manambala amene mwaipatsa. Pa 10 Ogasiti 1996 kumadzulo kwa America magetsi anathima ndipo makasitomala pafupifupi 7.5 miliyoni anakhudzidwa. Mainjiniya atabwereza tsikulo pa makompyuta awo, makompyuta anaonetsa kuti zonse zili bwinobwino, palibe chogwa. Manambala a makina amene anali m'mabuku sanali ofanana ndi mmene makinawo ankachitira pa ntchito. Anachita kupita kukayezanso makina enieni nkukonza mabuku. Inu a pamsika mukuidziwa sikelo yonama. Ngakhale wogulitsa akhale wa mpingo, kilo yake siikwana.

Kwathu nkhani imeneyi ndi yaikulu chifukwa makina athu ndi a mibadwo yosiyana. Nkula A anayamba ntchito mu 1966 ndipo anakonzedwanso ndi thandizo la America lija. Tedzani woyamba ndi wa m'ma 1970, Kapichira anayamba mu 2000, Tedzani wachinayi ndi wa 2021 mothandizidwa ndi Japan. Gogo, bambo ndi mdzukulu akusinja mu mtondo umodzi. Chinanso, kuyambira 2017 ntchito inagawidwa: EGENCO imapanga magetsi, ESCOM imawanyamula ndi kuwagulitsa, ndipo makampani oima paokha a sola nawo alowa m'bwalo, aliyense ndi zida zake zochokera kwa wopanga wake. Opanga ma inverter ambiri sakonda kuulula za m'kati mwa zida zawo, amati nchinsinsi cha malonda. Pamenepa mpamene kulumikiza chida chenicheni ku kompyuta kumathandiza, poti ngakhale mwini wake abise mapepala, khalidwe la chidacho limaonekera poyera.

Ndipo tisamati izi ndi za maiko osauka okha. Pa 28 Epulo 2025, nthawi itangopitirira 12:30 masana, Spain ndi Portugal anathima m'masekondi ochepa. Sitima zinaima m'njira, mashopu anabwerera ku makandulo, ndipo madera ambiri anayakanso usiku kapena m'mawa mwake. Ena anathamangira kunena kuti walakwa ndi sola. Lipoti la boma la Spain linati voteji inakwera mopyola muyeso ndipo panalibe zida zokwanira zoigwira pa nthawiyo, ndiye malo opangira magetsi anayamba kudzichotsa motsatizana. Denga la nkhokwe lomwe lija. Chimene ndinasirira ine si kuthima kwawo ayi, koma zimene zinatsatira. Analemba malipoti ofotokoza sekondi ndi sekondi chimene chinachitika, nkuwaika poyera kuti aliyense awerenge, atsutse ngati akufuna. Amatha kutero chifukwa m'mizere yawo muli tizida toyeza magetsi kambirimbiri pa sekondi, tonse toyendera wotchi imodzi ya setilaiti. Zimene tizida timeneti tajambula ndi zomwe amakazilowetsa mu kompyuta ija kuti aone ngati sikelo yawo ikunena zoona.

Maganizo anga ndi awa. Dziko limene likuwonjezera sola, mabatire ndi mzere wa kunja pa nthawi imodzi silingamadalire akatswiri obwereka okhaokha, obwera ndi ndege, kulemba lipoti nkumapita ndi manambala athu m'chikwama. Mizere imasintha chaka ndi chaka, ndipo mayeso a dzana sagwira lero. Ku MUBAS, imene mpaka 2021 tinkaitcha Polytechnic, kumatuluka anyamata ndi atsikana a uinjiniya wa zamagetsi chaka chilichonse. Makina oyeserawa ndi odula, sindikukana, koma tayerekezani ndi ndalama zimene zinapita ku majenereta a dizilo obwereka a Aggreko pakati pa 2018 ndi 2022. Dziko laling'ono ngati lathu lilinso ndi mwayi umodzi: mizere yathu ndi yochepa, siifuna chipinda chodzaza makabati ngati ku China.

Ndalama zonsezi pomaliza zimachokera m'mayunitsi amene inu mumagula, ndiye muli ndi pakamwa. Bungwe la MERA likamaitanitsa maganizo a anthu pa zokweza mtengo wa magetsi, makomiti a m'misika asamangopita kukalira za mtengo pokha. Afunsenso kuti kampani yatsopano isanalumikizidwe ku mizere ya dziko, zida zake zimayesedwa kuti, ndipo amasaina ndani kuti zapambana. Phungu wanu, uja amabwera ndi nsalu nthawi ya kampeni, akafunse m'nyumba ya malamulo kuti dziko lathima lonse kangati m'zaka zisanu zapitazi, ndipo ulendo uliwonse chinayambitsa nchiyani. Mawu oti "vuto la makina" si yankho, ngakhale wachigayo amakuuza ngati laduka ndi lamba kapena watha ndi dizilo. Dziko likathima lonse patuluke lipoti lonena ola, mzere ndi chida chimene chinayamba kugwa. Lipotilo lilembedwenso m'Chichewa ndi m'Chitumbuka, ndipo likhomedwe pa bolodi la msika, pafupi ndi pamene timadulira tikiti.